Zilembo Zachilendo pa Chiliza cha Apongozi a Jemima

Munthu akalowa mumsika wa Lundazi kudzera kwa ogulitsa makasu ndi zingwe za ng'ombe, n'kudutsa amayi a kapenta, n'kukhota pamene pamanunkha fodya wopota, amafika pa kashopu ka malata kopaka utoto wobiriwira. M'menemo ndi mmene mumagwirira ntchito Jemima Zimba, amene kumudzi amangomuti NyaZimba. Ali ndi laputopu yake ndi pulinta imene imayamba yatsokomola ngati nkhalamba isanalavule pepala. Masiku ano anthu akamadutsa pamenepo amayenda pang'onopang'ono n'kumasuzumira. Ena amapereka moni, ena amangogwiritsitsa ana awo padzanja. Zonsezi zinayamba ndi chiliza cha apongozi ake, chimene chinamugwaditsa pabwalo, banja lake ndi ana ake zili pa mlandu.

Jemima anabadwira ku Mphamba, m'banja la alimi a fodya. Bambo ake ankafuna kuti adzakhale namwino, koma mtsikanayo ankakomoka akangoona nkhuku ikuphedwa, ndiye maganizo amenewo anangofera m'mazira. Atamaliza sekondale anakakhala kwa achemwali ake ku Chipata. Kumeneko anaphunzira kutaipa, kenaka n'kuphunziranso kulemba masamba a pa intaneti ndi manja, mzere ndi mzere, m'kalembedwe kaja amati HTML. Atabwerera ku Lundazi anthu anamuseka kuti ndani angagule chinthu chimene sungachigwire kapena kukulungira mandasi. Koma makasitomala anabwera: makwaya, kasukulu ka mkaka, gulu la alimi a mtedza, makamaka mabanja oferedwa, amene ankafuna kuti abale a ku Kitwe ndi ku Joni aone zithunzi ndi mbiri ya malemu, aleke kuimba mafoni ofunsa kuti bokosi linali la mtundu wanji.

Pa ntchito yakeyi panali chinthu chimodzi chimene Jemima ankachisamala kuposa china chilichonse. Kompyuta, ngakhale anthu amaitama, sidziwa chilembo ngakhale chimodzi. Imangosunga manambala. Ndiye tsamba lililonse liyenera kukhala ndi kamzere pamwamba penipeni konena kuti manambala akewo awerengedwe motani. Kamzereko n'kakafupi, kamangotchula charset ndi utf-8, basi. Iye ankafotokozera makasitomala kuti tsamba lili ngati mlendo: lisanakhale pansi liyambe lanena chiwongo chake, dzina la fuko la kwawo. Likangolowa lili duu, kompyuta ya eni khomo imalipatsa chiwongo chilichonse chimene yaganiza. Zilembo wamba, a, b, k, zimapulumuka ndithu. Koma w wovala kachipewa uja, amene Chitumbuka sichiyenda popanda iye, ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja ka m'mawu ngati ng'ombe, timeneto timasweka n'kusanduka zinthu zimene ngakhale mwini tsambalo sangaziwerenge. Makasitomala ankangogwedeza mutu mwaulemu n'kufunsa ngati chithunzi cha agogo chingakule pang'ono.

Anakwatiwa ndi Obby Ng'oma, woteteza nyama ku Lukusuzi, mwamuna amene akuti anayang'anizanapo ndi njovu osaphethira. A Ng'oma ndi anthu a ng'ombe, ndipo kwawo, njira ya ku Chama, mwambo amaugwira ndi manja awiri. Anthu ankadikira kuti aone mmene mtsikana wa makompyuta akachitire manyazi kumeneko, koma anadikira pachabe. Jemima akangotsika basi pamudzipo ankasanduka mkamwana weniweni: chitenje mpaka mu akakolo, madzi kupereka chogwada, apongozi aamuna akatulukira uku iye n'kupatukira uko. Ndipo dzina lawo, a Ŵatipaso, silinatulukepo pakamwa pake. Kumeneko mkamwana satchula dzina la apongozi ake aamuna, kaya ali moyo kaya anagona, kaya ndi pagulu kaya ali yekha kudimba. Ngakhale kumsika, kasitomala wina wa dzina lomwelo ankangomuitana kuti “a dzina lija,” mpaka bamboyo anazolowera n'kumavomera. Kulemba ankalemba, poti zala zilibe manyazi. Pakamwa pokha ndiye panali loko.

Apongozi aakazi, aNyaMtonga, ankamukonda mwakachetechete, monga amachitira zinthu zonse. Amene sanamukhulupirirepo chiyambire anali ankhazi a Obby, a Evelina, mlongo wawo wa a Ŵatipaso, mayi amene mawu awo amamveka kutsidya kwa dambo ngakhale akunong'ona. “Munthu wocheza ndi galasi tsiku lonse,” ankatero akamanena za laputopu ija, “tsiku lina galasilo lidzamuyankha.”

A Ŵatipaso anamwalira mu 2023. Chaka chitatha, banja linagwirizana zowamangira chiliza, kuti chidzavundukulidwe anthu akakolola. Mwala anauitanitsa kwa Ezron, wozokota miyala wa ku Chipata. Obby ankapita kutchire kumene foni siigwira, ndiye anasiyira mkazi wake ntchito ya mawu a pamwalapo.

“Mukonze ndinu, amake Temwani,” anatero akumanga nsapato. “Koma kachipewa ka pa dzina lawo musakaiwale. Mukudziwa mmene adada ankakakamirira.”

Jemima ankadziwa. Mkuluyo anabwezapo satifiketi ya kwaya chifukwa choti dzina lake analilemba lopanda kachipewa, nati ameneyo ndi munthu wina, mum'funefune mum'patse.

Chaka chimenecho magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Tsiku lokonza mawuwo anathima Jemima asanatsegule n'komwe shopu, ndipo batire la laputopu linali litafiira kale. M'malo motsegula tsamba lake lachitsanzo limene amayambirapo ntchito iliyonse, anangotaipa katsamba katsopano mothamanga: mtanda pamwamba, dzina m'zilembo zikuluzikulu, zaka pansi pake. Anasankha kupanga tsamba osati uthenga wa pafoni kuti Ezron aone kukula kwa chilembo chilichonse ndi malo ake. Kamzere kaja ka chiwongo anakaiwala. Atatsegula katsambako pa laputopu yake kanaoneka bwinobwino, poti mwana wa m'nyumba safunsidwa chiwongo, makina ake anangokazindikira. Anakaika pa intaneti, anatumiza linki ku Chipata, laputopu n'kuzima. Mmawa mwake anakwera basi kukathandiza apongozi aakazi kuswa mtedza.

Ezron ali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Amapulinta zimene wapatsidwa, amamata pepalalo pamwala, n'kugoba motsatira pepala. Dzina la wakufa sakonza, chifukwa amati abale amakangana pa chilembo chimodzi kuposa mmene amakanganirana ng'ombe. Koma atapulinta la Jemima analiyang'ana, analitembenuza, analiyang'ananso, mpaka anatenga foni.

Foniyo inalira Jemima ali pamphasa, lichero la mtedza pamiyendo, aNyaMtonga ali pafupi moti maondo ankagundana.

“Halo, ndine Ezron wa miyala. Mayi, pepala lija napulinta, koma dzina la amdala aba lanivuta. Nichulilenkoni nimve mwamene limvekela.”

Jemima anayang'ana apongozi ake. Iwo anali kuswa mtedza, maso pansi, makutu m'mwamba.

“Lili momwemo, bambo, mmene mukulioneramo.”

“Mayi, ine nazokota maina a Amwenye, a Azungu a ku mishoni, olo a anthu a ku Congo. Koma ili lanigonjetsa. Chulani chabe kamodzi.”

“Sindingathe.”

“Netiweki?”

“Ayi. Ndi apongozi anga.”

“Oho! Pepani, mayi, pepani maningi.” Ezron naye analeredwa kumudzi, sanafune kukakamiza mkamwana wa eni kuchita zosayenera. “Manje tuzinthu tuli pamwamba na pakati utu, nisiye olo nichotse?”

Jemima anakumbukira satifiketi ya kwaya ija. “Musachotse ngakhale kamodzi! Eni ake ankatikonda kwambiri timeneto.”

“Anali kutukonda?”

“Kwambiri.”

“Basi, mayi. Aliyense na zokonda zake.”

Wina angafunse kuti bwanji sanangolitchula chilembo chimodzichimodzi. Kwa a Ng'oma kumeneko ndi kutchula komweko, kungoti mozembera. Kupatsira foni aNyaMtonga sikukanathandizanso, poti iwonso amuna awo ankangowati “awiske Obby,” ndiye kuti bambo a Obby, kuyambira tsiku limene Obbyo anabadwa. Chithunzi cha pepalalo sakanachilandira, chifukwa pamudzipo netiweki imanyamula mawu okha, ya zithunzi imapezeka pachulu chakuseri kwa khola, ndiponso ikakhala yakondwa. Komanso Jemima sanaone chifukwa. Tsambalo analiona ndi maso ake lili bwino. Anabweza foni m'chitenje n'kupitiriza kuswa mtedza.

Mwala unabwera pa kalole, nkhope yake itatsekedwa ndi katoni ndi pulasitiki yakuda, selotepi kuzungulira ngati katundu wopita ku Joni. Amisiri anaumangirira momwemo, amayi n'kufunditsa nsalu yoyera pamwamba. Chiliza sachiona tsiku lisanakwane. Ngakhale Obby, atafika kuchokera kutchire dzulo lake, anangochisisita pamwamba pa nsalu n'kunena kuti chikuoneka chamtengo wapatali.

Tsikulo kumanda kunadzaza. Kunabwera a ku Kitwe ndi masuti awo, a ku Lusaka ndi maambulera, amayi a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, atavala zoyera. Kumudzi ng'ombe inali itagwa kale. Abusa anapemphera, kwaya inaimba, ankhazi a Evelina anakoka nsalu mwaulemu ngati akuvula mwana wodwala, Obby n'kudula selotepi ndi mpeni wake wakutchire. Amayi anayamba nthungululu pulasitiki isanafike pansi. Nthungululuzo zinakwera, zinafika pakati, kenaka zinaduka ngati wina wazipondera pakhosi.

Pamwala wakuda wonyezimira, pansi pa mtanda, panazokotedwa mozama bwino, m'zilembo zopaka golide:

Å´ATIPASO NGâ€™OMA
1946 â€“ 2023

Amene anaima pafupi akuti ngakhale njiwa zimene zinkalira mumtengo zinaleka. Abusa anavala magalasi, anawavula, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Anatsegula pakamwa kuti awerenge dzina monga mwa mwambo, koma chimene chinatuluka chinali chifuwa.

Jemima anali atagwada kumbuyo pamodzi ndi akamwana anzake. Atasuzumira pakati pa mapewa a anthu n'kuona mwalawo, anazindikira pomwepo chimene chinachitika. Zilembo zimenezo ankazidziwa. Anali atazithamangitsapo m'masamba a anthu ena kambirimbiri, koma pagalasi, pamene munthu amangokonza n'kuiwala. Apa zinali pamwala, zakuya moti chala chikhoza kulowamo.

Woyamba kupeza mawu anali Haswell, msuweni wa Obby, amene anasinthapo ndalama pamalire a Lusuntha ndipo kuyambira pamenepo amadziwa zonse za m'dziko lapansi. Anayandikira, anawerama, n'kubwerera m'mbuyo msangamsanga.

“Ichi ndachidziwa ichi,” anatero akuloza ndi ndodo, osati ndi chala. “Ka C kodulidwa pakatika. Ndi chizindikiro cha ndalama za ku Ulaya. Yuro. Onani, chili pa dzina, chilinso pakati pa kubadwa ndi kumwalira.”

“Nanga ka TM ako?” anafunsa wina kumbuyo.

“Ako kamakhala pa paketi ya sopo. Kamasonyeza kuti katunduyu ali ndi mwini wake.”

Apa ndi pamene ankhazi anagwira mutu ndi manja onse awiri. “Mlongo wanga wagulitsidwa! Amama ine! Mlongo wanga amugulitsa kwa Azungu, risiti n'kuimata pamanda!”

Jemima sanadziwe kuti walankhula mokweza. Anangomva mawu ake omwe akuti, “Kamzere! Ndinaiwala kamzere!”

Mitu yonse inatembenuka.

“Mwamva?” anakuwa ankhazi. “Akuti pali china anaiwala kuikapo! Izi sizinakwane! Zausataniki zenizeni, masanasana, pamaso pa abusa! Obby, mawa mmawa tikhale pansi. Mkazi uyu abwerere ku Mphamba ndi galasi lakelo. Ana ndi a Ng'oma, ng'ombe za malowolo zinapita kale. Temwani ndi Lukundo atsala pano.”

Obby, wa njovu uja, anayang'ana nsapato zake.

Anthu anabalalika osaimba nyimbo yotsekera. Nyama ya ng'ombe anaikana poyera, nati sangadye za nsembe, koma pofika madzulo miphika inapezeka yopanda kanthu. Zikuoneka kuti inachoka m'majumbo, mwina kuti akaipempherere kunyumba. Nkhani inafika ku Lundazi basi isanafike. Kumsika inamveka kuti Jemima wagula galimoto ndipo waibisa ku Chipata. Kwa ometa tsitsi inali itakula kale, galimoto zinali ziwiri, ndipo mwalawo akuti unkatentha ukaugwira.

Mmawa mwake banja linakhala pabwalo, pafupi ndi khola. Amuna pamipando, amayi pamphasa, aNyaMtonga pakhonde atatsamira khoma. Iwo anali asanalankhulepo chichokereni kumanda. Jemima anagwada pakati, laputopu ili patsogolo pake. Maso anali otupa, koma mumtima anali ndi chikhulupiriro cha anthu a ntchito zamanja, choti munthu ukamuonetsa ndi maso ake amamvetsa.

“Ankhazi, ndi inu nonse akuluakulu,” anayamba, “cholakwa ndi changa, sindikukana. Koma si ufiti. Ndikupempha tipite pachulu, ndikuonetseni.”

Bwalo lonse linasamukira pachulu, mipando ili m'manja. Jemima anapempha Haswell kuti atsegule linki ija pa foni yake. Zilembo za pamwala zija zinatulukira pagalasi, yuro ndi TM yemwe. Amayi anafuula n'kubwerera m'mbuyo.

“Tsopano onani,” anatero Jemima. Analumikiza laputopu ku foni yake, anataipa kamzere kaja pamwamba pa tsamba, n'kulitumizanso pa intaneti. “Alamu, tsegulaninso.”

Haswell anatsegulanso, foni ataitalikitsa ngati ikununkha. Dzina la mkuluyo linaoneka loyera bwino, kachipewa kali pamalo pake, zaka zitalekanitsidwa ndi kamzere kowongoka.

“Zapita kuti?” anafunsa ankhazi.

“Sizinalipo n'kale, ankhazi. Ndi makina amene ankawerenga molakwika chifukwa tsamba silinanene chiwongo chake.”

“Chiwongo? Chinthuchi chili ndi chiwongo?” Ankhazi anayang'ana anthu mmodzimmodzi kuti aliyense asunge mawu amenewo. “Bweza tione.”

Jemima, mwa ubwino wake, anachotsa kamzereko. Haswell anatsegulanso. Yuro uja anabwerera.

Chimene chinachitika pachulupo anthu amachisimba mosiyanasiyana. Zoti Haswell anaponya foni yake m'tchire n'zoona, poti anakhala akuifunafuna mpaka masana. Zoti mpando wina unathyoka n'zoonanso. Zoti nkhalamba ina imene imayenda ndi ndodo inafika kumudzi ndodo itatsala pachulu, amenewo mwina ndi owonjezera mchere.

“Mwadzionera nokha!” Mawu a ankhazi anadzutsa ng'ombe m'khola. “Akaziitana zikubwera, akazithamangitsa zikupita! Ndinkanena ine! Umboni wina mukufuna wotani?”

Jemima anakhala pansi pachulupo, manja ali lende. Anali atadzikumbira yekha dzenje, ndiponso mwaluso. Kutsidya kwa bwalo ankaona ana ake atakhala pamwala wochapira, akuyang'ana kumene kunkachokera phokoso.

Anthu atabwerera pabwalo n'kupuma, Obby anakweza mutu koyamba. Mawu ake anali aang'ono, osayenera munthu wa msinkhu wake.

“Ankhazi, tisanatseke nkhani, timufunseko wozokota uja. Iyeyo sanadabwe pogoba zimenezi?”

Anaimba foni n'kuika mokweza kuti onse amve. Ezron atauzidwa zimene zachitika anayamba wati “Mayo!” kangapo.

“Kudabwa ninadabwa, abwana. Ninatuma foni kwa amayi abo. Ninawapempha kuti anichulile dzina nimve mwamene limvekela. Anakana. Ninapemphanso, anakananso. Anati ni apongozi awo. Ine nikanamva chabe dzina, sembe ninadziwa kuti pepala yanama.”

“Bodza lopangana,” anatero ankhazi. Anaimirira n'kumangitsa chitenje. “Chabwino. Ngati alibe chobisa, atchule tsopano. Aime apa, atchule dzina la mlongo wanga tonse timve, tidziwe kuti pakamwa pake silimuwotcha. Akatchula, nkhani yatha, akhale.”

Jemima anaona kuti chitseko chatseguka. Dzina lake lalifupi, kungotsegula pakamwa kamodzi, ana n'kukhala ake. Anayang'ana kumwala wochapira kuja. Milomo inayamba kuzungulira kuti ipange chilembo choyamba, lilime linanyamuka, koma pakhosi panakana ngati ng'ombe imene yaona mlatho wachilendo. Zaka zonse zija za kupatuka panjira ndi kugwada zinamukhala pachifuwa. Anayesanso. Misozi ndiyo inatuluka.

“Sindingathe, ankhazi,” anatero. “Ndi adada.”

“Basi, mwamva nonse. Akatenge katundu wake.”

“Alamu, takhalani pansi.”

Mawuwo anachokera pakhonde. Anthu anatembenuka modabwa, chifukwa ena mwa ana a ku Lusaka anali asanamvepo aNyaMtonga akulankhula pagulu, ankayesa kuti amangomwetulira basi.

“Tsiku limene foni ija inalira ine ndinalipo,” anatero mayiwo osakweza mawu. “Tinkaswa mtedza, maondo akugundana. Ndinamva munthu akumuumiriza mwanayu, iye n'kukana. Mumtima ndinati, pano tinapeza mkamwana. Za makinazo ine sindizidziwa, ndipo pachulu paja nanenso ndathawa. Koma mfiti imene ingagulitse munthu wathunthu, n'kumaopa dzina lake lokha, ine sindinaionepo.”

“Alamu, inu mtima wanu ndi wofewa,” anayamba ankhazi.

“Sindinamalize. Ine ndakhala ndi awiske Obby kuyambira ndili mtsikana mpaka kuwatseka maso. Dzina lawo silinadutsepo pamilomo pangapa. Ndiye mwati wosatchula achoke? Chabwino, ndiuzeni nanenso nditchule. Ndikakanika, tikwere basi imodzi ndi NyaZimba, iye atsikire ku Mphamba, ine ndipitirire kwathu. Mutsale muziphikira anthuwa ndinu.”

Amuna a pamipando anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Ankhazi anakonza duku limene linali lokonzeka kale, kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono.

“Mwana uyu sapita kulikonse,” anamaliza aNyaMtonga. “Chimene chipite ndi mwalawo.”

Aliyense anali ataiwala kuti foni ikadali yotsegula, mpaka Ezron anatsokomola m'dzanja la Obby.

“Abwana, mwala ningaupale nkhope, nizokotenso. Uzachepako pang'ono, koma amdala sazadandaula. Chabe ulendo uno pepala sinizaikhulupilila. Abwele munthu na mwala, aimilile pamaso panga, anichulile dzina na pakamwa pake, aone pepala, avomele. Apo ayi, sinigwila chisulo.”

Anayamba kuyang'anana. Mkazi wa malemu sangatchule. Akamwana sangatchule. Obby ndi abale ake anakula akuti “adada,” ndipo Obby ananena poyera kuti kuli bwino abwerere kwa njovu zake kusiyana n'kukaima pa msewu wa ku Chipata akuitana bambo ake ndi dzina ngati mnzake wa kubusa. Haswell anali akadali m'tchire kufunafuna foni. Maso onse, mmodzimmodzi, anakathera pa munthu yekhayo amene anakula akulitchula dzinalo, kulituma kumadzi ndi kulikalipira.

“Mukundiyang'ana chiyani?” anatero ankhazi.

Patapita masiku angapo kalole kanabwera. Amisiri anagumula simenti, mwala anaukweza atauphimba ndi masaka kuti usaopseze anthu m'njira. Jemima anapulinta yekha pepala latsopano, kamzere kaja atakaika n'kukayang'ana mobwerezabwereza, ndipo analipereka kwa ankhazi chogwada, ndi manja awiri. Iwo analilandira ndi nsonga ya chitenje, analiwerenga milomo ikugwedera, n'kuliika m'Baibulo kuti likhale pa malo otetezeka. Anakwera kutsogolo, chikwama pamiyendo, nkhope ili gwaa ngati akupita kukapereka umboni kukhoti. Dalaivala anadzasimba pambuyo pake kuti njira yonse mpaka ku Chipata sanalole kuti wailesi iyatsidwe, ndipo pa bampu iliyonse ankatembenuka kuona ngati masaka aja sanavundukuke.

Kalole katasowa m'fumbi, anthu anabwerera ku ntchito zawo. Jemima anatsala chiimire pamsewu mpaka anamva apongozi ake akuitana kuchokera pakhonde.

“NyaZimba! Mwaima pamenepo ngati mlendo bwanji? Ana anuwa sanasambe chidzukireni, ndipo Lukundo wadya dothi.”

“Yewo, amama,” anayankha, n'kuthamanga kukatenga beseni.